Timadziwa bwanji kuti pulojekiti ya zaumoyo yathandizadi mudzi?

Kumayambiriro kwa chaka cha 2025, boma la America litaimitsa thandizo lambiri lopita kumayiko ena, ntchito zingapo za zaumoyo kuno ku Malawi zinagwedezeka. Magalimoto ena a mabungwe anaimikidwa, antchito ena a m'midzi anauzidwa kuti abakhala kaye kunyumba, ndipo pa wailesi ndi pa Facebook panabuka mtsutso. Ena ankati mapulojekiti amenewa ndiwo agwiriziza moyo wa anthu akumudzi. Ena ankati palibe chatayika, zinali za maalawansi ndi masemina a kunyanja basi. Mbali zonse zinkalankhula ndi mtima wonse, koma ukafunsa kuti mwadziwa bwanji, yankho limasowa.

Funso limeneli lili ndi eni ake. M'maofesi a zaumoyo mumamveka mawu akuti M&E, chidule cha mawu a Chingerezi akuti monitoring and evaluation. Pachichewa tingati kalondolondo ndi kauniuni. Ndalama zikamachepa, zimene anthu a ntchito imeneyi apeza ndizo zimathandiza kugamula kuti ntchito iti ipitirire, iti ikonzedwe, iti isiyidwe. N'chifukwa chake n'kofunika kuti nafenso tidziwe mmene amayezera, komanso pamene muyeso wawo umatha kunama.

## Kalondolondo ndi kauniuni si chinthu chimodzi

Kalondolondo ndi kuyang'ana mwezi ndi mwezi ngati ntchito ikuyenda monga anapanganira: maneti afika angati, alangizi aphunzitsidwa angati, sikelo yachitika kangati. Kauniuni ndi kukhala pansi patapita nthawi n'kufunsa ngati zonsezo zasintha kanthu pa moyo wa anthu, ndiponso ngati kusinthako kwadza chifukwa cha ntchitoyo. Mayi akamasonkhezera moto ndi kuthira ufa mumphika, ameneyo ndi kalondolondo. Akamayang'ana ngati ana akukhuta ndi kukula, ameneyo ndi kauniuni.

Titenge neti yoteteza ku udzudzu. Ndalama zigule neti, netiyo ifike m'mudzi, ipachikidwe, mwana azigonamo usiku uliwonse, malungo achepe, maliro a ana achepe. Ndi unyolo wa mphete zisanu ndi imodzi, ndipo ukhoza kuduka pa mphete iliyonse. Tonse tinaonapo neti itatchinga nazale ya tomato, ina itakwirira anapiye, ina ikukokera usipa kunyanja. Neti zonsezo m'lipoti zinalembedwa kuti zinagawidwa, ndipo lipotilo silinaname.

Malipoti ambiri amathera pa mphete yachiwiri chifukwa ndi yosavuta kuwerenga. Mawu amene ine ndimawachenjerera kwambiri ndi akuti “tafikira anthu akutiakuti”. Kufikira kumatha kutanthauza kuti mlangizi anakhala pakhonde ndi mayi kwa ola lathunthu. Kumathanso kutanthauza kuti galimoto ya chimkuzamawu inadutsa pamsika tsiku la Loweruka.

## Kumene manambala amabadwira

Manambala ambiri a zaumoyo m'dziko muno amayambira m'manja mwa alangizi a zaumoyo, a yunifomu ya buluu aja, amene m'maofesi amawatchula kuti ma HSA pomwe kumudzi ena amangoti adokotala. Ntchito yawo inachokera kutali: poyamba anali otemera nthomba, m'zaka za m'ma 1970 anakhala olimbana ndi kolera, kenaka anasenzetsedwa katemera, sikelo, kuyendera zimbudzi ndi mijigo, kulera, mpaka kuchiza ana. Cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000, koma m'madera ambiri amasamalira oposa pamenepo.

Chilichonse chimene mlangizi wachita chimayenera kulowa m'kaundula. Pakutha pa mwezi amawonkhetsa, n'kulemba pa fomu, fomuyo n'kupita ku chipatala chaching'ono cha m'dera lake, kenaka manambalawo amalowetsedwa mu DHIS2, nkhokwe ya pakompyuta imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo malipoti a zipatala zonse. Ndinakhalapo pa chipatala china chaching'ono tsiku lomaliza la mwezi. Alangizi anayi anali pa benchi pansi pa mtengo wa mango, cholembera chimodzi chikuyenda dzanja ndi dzanja. Mmodzi kaundula wake anali atadzadza kalekale, ndiye ankalemba m'kope la ana asukulu atajambula yekha mizere ndi rula. Wina ankawonkhetsa pa foni, akapeza nambala yosiyana ndi yoyamba n'kuyambiranso. Anthu amenewo sanali aulesi kapena abodza. Koma nambala imene imadzaoneka yoyera bwino pa kompyuta ku Lilongwe inabadwira pa benchi ngati imeneyo.

Manambala a m'kaundula ali ndi zilema ziwiri zobadwa nazo. Choyamba, amawerenga okhawo amene abwera. Mwana amene anatentha thupi, n'kumwetsedwa panado wa ku golosale, n'kumwalirira kunyumba, m'kaundula mulibe. Izi zimabweretsa chinthu chozunguza mutu: mukatsegula kiliniki m'mudzi, chiwerengero cha ana odwala malungo m'malipoti chimakwera. Wosadziwa anganene kuti zinthu zaipa, chikhalirecho ana amene kale ankadwalira m'nyumba tsopano akuoneka ndi kulandira mankhwala.

Chilema chachiwiri ndi nambala yogawira. Kuti munene kuti ana 80 mwa 100 aliwonse alandira katemera, muyenera kudziwa kuti ana onse m'deralo alipo angati. Nambala imeneyo imachokera pa kalembera, ndipo womaliza anachitika mu 2018. Zaka zotsatira amangoyerekeza mmene anthu akuchulukira. Anthu amasamuka, ndipo zipatala za m'malire ku Dedza, Ntcheu, Mulanje kapena Mchinji zimalandiranso abale athu ochokera ku Mozambique ndi ku Zambia. Mpake kuti nthawi zina lipoti limaonetsa kuti ana olandira katemera aposa ana onse amene akuyenera kukhala m'deralo.

Pofuna kuthana ndi zilema zimenezi, pamachitika kafukufuku woyenda khomo ndi khomo. Wamkulu kwambiri ndi Malawi Demographic and Health Survey, amene amayendetsedwa ndi ofesi ya kalembera ya National Statistical Office ku Zomba. Anachitika mu 1992, 2000, 2004, 2010, 2015 mpaka 2016, ndi 2024. Wa 2015 mpaka 2016 anafika m'mabanja oposa 26,000 osankhidwa mwa maere m'dziko lonse. Mayi amafunsidwa za mwana aliyense amene anabereka, wamoyo ndi womwalira yemwe, kotero ngakhale imfa imene sinafike kuchipatala imawerengedwa. Nayenso kafukufukuyu ali ndi malire ake. Amachitika patalipatali, angakuuzeni za dziko ndi za boma lanu koma osati za mudzi wanu, ndipo munthu akafunsidwa ndi mlendo waulemu kuti “kodi mwana anagona m'neti usiku wathawu?” pakamwa pamafulumira kunena kuti eya. N'chifukwa chake ofunsa ophunzitsidwa bwino amapempha kuti alowe akaione netiyo.

## Funso lovuta: zikanakhala bwanji pakanapanda ntchitoyi?

Kafukufuku wa khomo ndi khomo uja anaonetsa nkhani yabwino. Mu 1992, pa ana 1,000 aliwonse obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2015 mpaka 2016 chiwerengerocho chinali 63. Koma nkhani yabwinoyi ndi msampha kwa woyesa ntchito. Pulojekiti iliyonse imene inagwira ntchito m'zaka zimenezo, yabwino kapena yachabechabe, ikhoza kuyeza poyamba ndi pomaliza n'kupeza kuti imfa zatsika. M'zaka zomwezo munabwera ma ARV aulere mu 2004, mankhwala a malungo a LA mu 2007, katemera wa chibayo mu 2011, ndondomeko yoyambitsa ma ARV kwa amayi onse oyembekezera amene ali ndi HIV m'chaka chomwecho, katemera wa rota woteteza ku kutsegula m'mimba mu 2012, ndi maneti mamiliyoni. Nanga mwana amene wapulumuka timuwerengera kwa yani?

Nyengo nayo imapusitsa. Yambani ntchito ya malungo mu Febuluwale, udzudzu uli pachimake, mukayeze mu Ogasiti, mudzavina kuti mwagonjetsa malungo. Yambani mu Ogasiti mukayeze mu Febuluwale, mudzachotsedwa ntchito.

Alimi anaidziwa kale njira yotulukira pamenepa. Pa munda wachitsanzo, mlangizi wa zaulimi sathira feteleza munda wonse n'kuyerekeza ndi zokolola za chaka chatha, poti mvula ya chaka chatha si ya chaka chino. Amagawa munda pawiri: mbewu imodzi, dothi limodzi, mvula imodzi, kusiyana feteleza yekha. Pa zaumoyo namonso amafuna midzi yofananitsira, yomwe ikulandira chithandizo cha masiku onse koma yopanda chinthu chatsopanocho.

Vuto ndi kusankha midziyo. Mukasiyira bwana wa pulojekiti, ngakhale wachilungamo, adzasankha midzi ya m'mbali mwa msewu, ya mafumu ochangamuka, ya pafupi ndi chipatala, yomwe inali kale bwino kuposa inzake. Ndiye pamachitika maere. Mayina a madera amaikidwa pamodzi, n'kutola, kawirikawiri ndi kompyuta, nthawi zina pamaso pa mafumu. Kafukufuku wotere pa Chingerezi amati randomised trial. Ife tingomuti kafukufuku wa maere.

Mchinji inakhalapo bwalo la kafukufuku wotere, wotchedwa MaiMwana. Boma la Mchinji linagawidwa m'zigawo 48. Zina zinalandira magulu a amayi, amene ankakumana kukambirana okha mavuto a uchembere ndi kupeza njira zowathetsera. Zina zinalandira amayi odzipereka oyendera anzawo m'makomo kuwalangiza za kuyamwitsa ndi kusamala khanda. Zina zinalandira zonse ziwiri, zina palibe. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2013 sizinali zoti n'kuimbira nthungululu kapena kulira. Powerengera zigawo zonse pamodzi, kusiyana kwa imfa sikunaoneke bwino. Poyang'ana zigawo zimene zinali ndi njira imodzi yokha, imfa zinaoneka kuti zatsika. Mwina wina angati mapanga awiri avumbwitsa, koma kafukufuku wina, wa MaiKhanda ku Kasungu, Lilongwe ndi Salima, anapeza kuti kumene magulu a amayi anaphatikizidwa ndi kukonza kagwiridwe ka ntchito m'zipatala, imfa za makanda zinatsika ndi 22 pa 100 iliyonse, pomwe kukonza zipatala pakokha sikunaonetse kusintha kodziwika. Pa imfa za amayi, MaiKhanda sanapeze kusiyana. Bungwe la World Health Organization litaphatikiza zotsatira za ku Malawi ndi za ku Nepal, India ndi Bangladesh, mu 2014 linalimbikitsa magulu a amayi otere m'madera akumidzi amene chithandizo chili patali.

Pali funso limene mafumu amafunsa, ndipo ndi loyenera: bwanji anthu anga mwawasiya? Yankho la ochita kafukufuku n'lakuti maere amaloledwa pokhapo pamene sizikudziwika ngati chinthucho chikuthandiza, ndipo palibe amene amalandidwa chithandizo chimene anali nacho kale. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, monga National Health Sciences Research Committee kapena COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Katemera wa malungo anayenda chomwecho. Malawi inali dziko loyamba kuyamba kumupereka mu Epulo 2019, m'madera ena a maboma 11, madera ena m'maboma omwewo akudikira. Zotsatira za ku Malawi, Ghana ndi Kenya pamodzi zinaonetsa kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100 iliyonse, ndipo kumapeto kwa 2022 madera odikira aja anayamba kulandira nawo.

## Zinthu zomveka bwino zimene zinakana kuoneka pa muyeso

Aliyense amene anaphikapo pa mafuwa m'khitchini ya udzu, nkhuni zili zaziwisi, akudziwa mmene utsi umalowera m'maso ndi m'chifuwa, mwana ali kumbuyo. Ndiye ganizo lakuti mbaula yosatulutsa utsi wambiri ingachepetse chibayo mwa ana linkamveka ngati losafunika n'kuyesa komwe. Analiyesabe, ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga. Madera 150 anagawidwa mwa maere, ana oposa 10,000 n'kutsatiridwa kwa zaka ziwiri. Mabanja a mbali imodzi analandira mbaula ziwiriziwiri zamakono zokhala ndi kafani koyendera mphamvu ya dzuwa. A mbali inayo anapitiriza pa mafuwa. Zotsatira zinatuluka kumapeto kwa 2016: chibayo chinali chimodzimodzi mbali zonse.

Izi sizitanthauza kuti utsi ndi wabwino. Mbaula zinkawonongeka kawirikawiri, mabanja ambiri ankabwerera pa mafuwa nthawi zina, ndipo mwana amapuma utsi wochokera kwa anansi, kudzala kumene akuwotcha zinyalala, ndi kumoto wowotha nthawi yozizira. Mbaula ili ndi ubwino wina, monga kusunga nkhuni. Koma amene akanagula mbaula mamiliyoni ndi ndalama zolimbana ndi chibayo akanataya ndalamazo osadziwa, malipoti ake akuwala ndi chiwerengero cha mbaula zogawidwa.

Chitsanzo china chimakhudza kwambiri, chifukwa ndi cha ntchito imene ambiri timaikonda. Kuyambira 2008, alangizi a zaumoyo anayamba kuphunzitsidwa kutsegula makiliniki a m'mudzi m'madera akutali ndi chipatala, kuti azichiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu akadwala malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba. Akatswiri a yunivesite ya Johns Hopkins pamodzi ndi National Statistical Office anaunika ntchitoyi pakati pa 2010 ndi 2014. Maere sakanatheka poti ntchito inali itafalikira dziko lonse, ndiye anafunsa funso lina: kodi maboma amene ntchitoyi inali yamphamvu kwambiri ndiwo anatsitsa imfa za ana kuposa anzawo? Sanapeze mgwirizano wotero.

Anthu anawerenga zotsatirazi mosiyana, ndipo mpaka lero amasiyanabe. Ena amati amayi a ku Malawi ankapita kale ndi ana kuchipatala mwaunyinji, kotero kilinikiyo inangowafupikitsira ulendo, chinthu chamtengo wapatali kwa mayi amene akanalipira kabaza, koma chosaoneka pa chiwerengero cha imfa. Ena amati muyeso wa boma lonse ndi wokhakhala kwambiri kuti ugwire kusintha kwa m'midzi yakutali yokha. Ena amaloza kagwiridwe ka ntchito: alangizi ambiri sakhala m'dera lawo chifukwa kulibe nyumba, kiliniki imatsegulidwa masiku ochepa pa sabata poti mlangizi yemweyo akufunikanso ku chipatala, ndipo bokosi la mankhwala nthawi zina limakhala lopanda LA. Malungo sadziwa kuti lero si tsiku la kiliniki. Apa ndi pamene pamaonekera kusiyana kwa ganizo lolakwika ndi ganizo labwino limene silinachitidwe mokwanira. Mbaula ndi kiliniki zonse zinapereka yankho lakuti “palibe kusiyana”, koma chochita pambuyo pake si chimodzi.

## Mphindi imodzi pa chifuwa cha mwana

Kuti mudziwe ngati ntchito ikuchitidwa bwino, palibe kuchitira mwina koma kukakhala pambali pa woigwira. Mu 2009 ofufuza anachita zimenezi m'maboma asanu ndi limodzi. Wina ankakhala phee kuonerera mlangizi akuyeza mwana, kenaka katswiri wina n'kumuyezanso mwana yemweyo payekha, n'kufananitsa. Anapeza kuti ana 62 mwa 100 aliwonse amene anali ndi matenda atatu aja analandira chithandizo choyenera. Pa kutentha thupi anali 79, pa kutsegula m'mimba 69, koma pa chibayo 52 okha.

Bwanji chibayo? Kumudzi kulibe makina ojambulira chifuwa. Chimene mlangizi ali nacho ndi maso ake ndi kawotchi kolira pakatha mphindi imodzi. Mayi amakweza malaya a mwana, mlangizi n'kuyang'anitsitsa pamimba ndi pachifuwa, n'kumawerenga kupuma kulikonse mpaka kawotchi kalire. Mwana wa miyezi iwiri mpaka khumi ndi umodzi akapuma ka 50 kapena kuposa, kumeneko ndi kupuma mofulumira. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu, malire ndi ka 40. Zimamveka zophweka mpaka mutayesa. Mwana ayenera kukhala wodekha, koma iye waona yunifomu ndipo akukumbukira jakisoni wa mwezi watha. Akalira kapena kudzipotokola, kuwerenga kumayambiranso. Panja pali amayi makumi awiri pa mzere, dzuwa likuswa mtengo. Mwana wosakwana chaka amene wapuma ka 52 n'kuwerengedwa 47 amabwerera kwawo opanda mankhwala a chibayo, ndipo m'kaundula amalembedwa kuti wathandizidwa.

Chidziwitso chotere n'chimene chimakonza ntchito. Sichinena kuti alangizi ndi abwino kapena oipa. Chimaloza pamene pali bowo: luso lowerenga kupuma, limene munthu sangalidziwe pa semina ya masiku asanu ndi limodzi n'kulisunga moyo wonse, koma limafuna kuti wina wodziwa azikhala naye pa benchi kawirikawiri, awerengere limodzi mwana mmodzi yemweyo. Tiyeneranso kukumbukira kuti munthu akamaonereredwa amachita bwino kuposa masiku onse. Tonse tikudziwa mmene chipatala chimasesedwera kukamveka kuti kukubwera alendo.

## Nambala ikasanduka chikwapu

Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa, ndipo ngakhale Pulezidenti Bingu wa Mutharika analankhula zofewetsa chiletsocho mu 2010, mafumu ambiri anali atakhazikitsa kale malamulo awo: wobereka kunyumba alipire mbuzi, nkhuku kapena ndalama. Chiwerengero cha amayi oberekera kuchipatala chinakwera kuchoka pa 55 mwa 100 aliwonse mu 1992 kufika pa 91 mu 2015 mpaka 2016. Imfa za amayi zinatsika kwambiri m'zaka zimenezo, koma imfa za makanda osakwana mwezi zinatsika pang'onopang'ono, n'kukhala pa 27 mwa 1,000. Ochirikiza malamulowo amaloza amayi amene apulumuka. Otsutsa amaloza amayi osauka olipitsidwa chindapusa chifukwa matenda anawayamba usiku mtsinje utadzadza. Kwa woyesa ntchito, phunziro lili pena. “Kuberekera kuchipatala” ndi chizindikiro cha malo, osati cha chithandizo: mayi akhoza kuberekera pansi m'wodi yodzadza, namwino mmodzi akuthamangira amayi asanu, ndipo iyenso awerengedwa. Komanso pamene yankho loona lili ndi chindapusa, musayembekezere kuti aliyense akuuzani zoona za kumene anaberekera.

Zomwezi zimachitika kwa antchito. Chipatala chikamadzudzulidwa poyera chifukwa cha nambala yoipa, nambala imayamba kukongola msanga kuposa ntchito.

## Kubweza zopezazo kwa eni ntchito

Kauniuni wamkulu amatenga zaka ndipo amadya ndalama zambiri. Zambiri zimene zimasintha chithandizo cha tsiku ndi tsiku zimachokera ku miyeso ing'onoing'ono imene anthu a pamalopo amadzipangira okha.

Chitsanzo ndi tchati cha katemera chomatidwa pakhoma. Mwana amalandira katemera wa matenda asanu ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Mlangizi akafananitsa ana amene analandira woyamba ndi amene anafika pa wachitatu, amadziwa angati akutayika panjira. Kumeneko sikufuna nambala ya kalembera, kaundula yemweyo akukwana. Akapeza kuti otayikawo ambiri ndi a tsidya lina la mtsinje, kapena kuti tsiku la sikelo limagundana ndi la msika, yankho lili m'manja mwake ndi mwa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi: sinthani tsiku, onaninso pakatha miyezi iwiri, zikakanika yesani china. Vuto la kutha kwa mankhwala nalo linachepetsedwapo ndi njira yotchedwa cStock, imene mlangizi amatumiza uthenga wa pafoni kunena mankhwala amene atsala m'bokosi, chipatala n'kumukonzera ena asanayende ulendo wachabe. Uthengawo sungabale LA ngati kunkhokwe kulibe, koma umaonetsa msanga pamene unyolo waduka.

Mayi akamwalira pa uchembere, ndondomeko imafuna kuti antchito akhale pansi n'kulondola ulendo wake wonse: anachedwa kunyamuka kunyumba, anachedwa panjira, kapena anachedwa kuthandizidwa atafika? Lamulo la zokambiranazi n'lakuti asatchule dzina la munthu ndipo asaloze chala. Pamene lamuloli likusungidwa, zoona zimatuluka: magazi kunalibe, ambulansi inalibe mafuta, fomu yolondolera matenda sinadzadzidwe. Pamene lasweka, aliyense amateteza khosi lake, ndipo mafayilo amayamba kusowa.

Njira ina inabadwira kuno komwe. Mu 2002 bungwe la CARE Malawi linayambitsa imene imatchedwa Community Score Card, yomwe tingaitche khadi la malikisi la anthu a m'mudzi, ndipo pano ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: anthu a m'mudzi amakhala paokha, amayi kwawo, abambo kwawo, achinyamata kwawo, n'kutchula zimene zikuwavuta pa chipatala chawo ndi kupereka malikisi pa chilichonse, kaya ndi kalandiridwe ka odwala, kupezeka kwa mankhwala kapena nthawi yotsegulira. Antchito a pachipatala nawonso amadzipatsa malikisi paokha. Kenaka mbali ziwirizi zimakumana pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a zaumoyo a pa boma. Pamenepo ndi pamene mayi amatha kunena kuti amaopa kubwera usiku chifukwa amakalipiridwa, namwino n'kuyankha kuti iye ali yekha usana ndi usiku kwa sabata yathunthu, ndipo ambiri m'chipindamo amakhala akumva mbali inayo koyamba. Amagwirizana zochita, yani achita chiyani pofika liti, n'kudzakumananso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Njirayi nayo inayesedwa mwa maere ku Ntcheu, pa zipatala 20, ndipo kumene inagwiritsidwa ntchito amayi oyembekezera ambiri ankayenderedwa m'makomo ndi alangizi kuposa kumene kunalibe. Mphamvu yake imathera pa zinthu zimene mudzi ndi chipatala sangathe paokha, monga kulemba anamwino ena.

## Amalipira muyeso ndani?

Lipoti lonena kuti pulojekiti yapambana likafika pa wailesi, mafunso angapo amathandiza. Awerenga zimene achita kapena zimene zasintha? Afananitsa ndi yani, ndipo ofananitsidwawo anasankhidwa bwanji? Anayeza nyengo imodzimodzi? Funso lina, limene silifunsidwa kawirikawiri, ndi lakuti woyezayo amadya kwa yani. Bungwe limene likufuna kuti opereka ndalama awonjezere zaka zina zitatu, n'kulemba lokha ntchito munthu woti aliunike, silikhala kuti lanama, koma nkhani ngati ya mbaula ija siituluka kawirikawiri m'malipoti otere. Kafukufuku wa mbaula, wa MaiMwana ndi wa makiliniki a m'mudzi anasindikizidwa poyera ngakhale zotsatira zake sizinali zimene ambiri ankayembekezera, ndipo n'chifukwa chake lero tikutha kuwatchula.

Muyeso nawonso umadya ndalama, ndipo zambiri mwa ndalamazo zakhala zikuchokera kunja. Ntchito ya padziko lonse imene inkathandiza mayiko kuchita kafukufuku wa khomo ndi khomo uja inkalipiridwa kwambiri ndi USAID, bungwe la boma la America lopereka thandizo kumayiko ena, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu Febuluwale 2025 mgwirizano wake unadulidwa pamodzi ndi ina yambiri. Malawi inali itangomaliza kumene kuyenda m'makomo kwa kafukufuku wa 2024. Manambala amenewo ndiwo adzakhale poyambira pamene wina adzafuna kudziwa kuti kudulidwa kwa thandizo kunasintha chiyani pa moyo wa ana ndi amayi, koma kuti afananitse, padzafunika kuti gulu lina la ofunsa mafunso lidzayendenso m'makomo omwe aja, ndi wina wolipira mafuta a magalimoto awo.